Narantuul ndi masitolo a mu Ulaanbaatar: chogula pamsika ndi chogula m'sitolo

Msika wa Narantuul uli chakum'mawa kwa mzinda wa Ulaanbaatar, likulu la dziko la Mongolia, m'dera la Bayanzürkh. Eni mzinda amautchulanso Khar Zakh, kutanthauza msika wakuda, ngakhale ndi msika wovomerezeka. Alendo ambiri amapitako ndi maganizo oti akagule zonse pamalo amodzi, ndipo apo ndi pamene ndalama zimawonongekera. Narantuul ndi msika wa abusa a ziweto ndi anthu wamba a mumzinda. Pa katundu amene iwo eni amagwiritsa ntchito, palibe malo ouposa. Pa majuzi a cashmere, ubweya wofewa wa mbuzi, ndi zinthu zimene ogulitsa amati nzamakedzana, pitani kwina.

Lachiwiri msika sutsegula, choncho musavutike ndi ulendo. Masiku ena fikani m'mawa, chifukwa misewu ya mumzinda imadzaza magalimoto kwambiri dzuwa likapendeka. Masabata oyandikira Tsagaan Sar, chikondwerero cha chaka chatsopano chomwe kawirikawiri chimagwa mu February, komanso oyandikira Naadam, chikondwerero cha masewera achikhalidwe cha pa 11 mpaka 13 July, anthu amachita kupanikizana pogula zovala ndi mphatso. Gawo lalikulu la msikawu lili panja, m'makontena ndi m'mabenchi. Mu January kuzizira kumafika madigiri 30 pansi pa ziro, batire la foni limatha msanga, ndipo zala zimauma musanamalize kuwerenga chenji.

Vuto lalikulu la Narantuul ndi mbava zopisa m'matumba. Zimagwira ntchito m'magulu pa tinjira topapatiza: wina amaima patsogolo panu ngati akuyang'ana katundu, wina akukukankhani kumbuyo, wachitatu akutsegula zipi kapena kucheka chikwama ndi lezala. Pasipoti isiyeni kumene mukugona. Ndalama za m'dzikolo ndi tögrög, ndipo pepala lalikulu ndi la 20,000, kotero kugula nsapato kokha kumafuna mpukutu. Gawani ndalamazo m'matumba awiri kapena atatu a mkati mwa jekete, ndipo potulutsa mutulutse zochepa.

Gawo la nsapato ndi limene limabweza mtengo wa ulendo wonse. Gutal ndi jombo zachikopa zachikhalidwe, zokhala ndi mphuno yopindikira m'mwamba. Zimavalidwa ndi sokosi zokhuthala za ubweya wopsinja, ndiye muyese mutavala sokosizo, apo ayi mugula zothina. Pindani pansi pake ndi manja awiri n'kuyang'ana pamene chikopa chakumana ndi soli. Ngati mukuona ulusi wa msoko, nsapatoyo idzatha kusokedwanso ikatha. Ngati mukuona guluu yekha, dziwani kuti kuzizira koopsa kumaumitsa guluu mpaka soli kumatuka. Kandaninso ndi chikhadabo mkati mwa khosi la jombo: chikopa chenicheni chimakhala ndi mbali yokhakhala, pamene chonamizira chimakhala ndi nsalu yomatidwa kumbuyo.

Deel, mkanjo wautali womangira mabatani kudzanja lamanja, umapezeka wosokeratu komanso ngati nsalu yogula pamita. Wa m'chilimwe ndi wopyapyala, wa m'nyengo yozizira amauika chikopa cha nkhosa mkati ndipo ndi wolemera ndithu. Onani mabatani a m'khwapa ndi a pakhosi, poti ndi amene amayamba kuthothoka pa mikanjo yosokedwa mothamanga. Lamba wake, büs, ndi nsalu yaitali mamita angapo, ndipo nthawi zambiri mtengo wake ndi wapadera. Funsani musanalipire.

Kwa munthu wokonda ntchito za manja, gawo la ger, nyumba yozungulira yoyenda nayo, ndi losangalatsa ngakhale osagula kanthu. Zonse zimagulitsidwa pachokhapachokha: khana, makoma a timitengo topingasa omwe amapindika, uni, mitengo ya denga, toono, mkombero wa pamwamba, bagana, nsanamira ziwiri zapakati, chitseko chopakidwa utoto, esgii, chofunda cha ubweya wopsinja, ndi mbaula yachitsulo. Kukula kwa ger kumawerengedwa ndi makoma, ndipo ya makoma asanu ndiyo yofala. Cholakwika chodziwika ndi kugula toono kwa uyu, uni kwa uyo, n'kukapeza kuti mabowo a toono sakugwirizana ndi chiwerengero cha mitengo. Pa khana yang'anani mfundo: zabwino zimamangidwa ndi tizingwe ta chikopa chosafufuta, zomwe zimalola khoma kupindika osasweka. Chapafupi pali zishalo zamatabwa, zingwe za akavalo ndi mipando yopakidwa utoto wa lalanje.

Kunenerera mtengo kulipo, koma sikofanana ndi kwa pamsika wa kaunjika. Wogulitsa amachotsako pang'ono, makamaka mukagula zinthu zingapo, ndipo mukatchula theka la mtengo ambiri amangotembenuka. Polandira katundu kapena chenji gwiritsani ntchito dzanja lamanja kapena manja awiri.

Tsopano cashmere. Mongolia ndi yachiwiri padziko lonse pokolola ubweya umenewu, pambuyo pa China. Ndi ubweya wamkati wa mbuzi, umene abusa amapesa nyengo yozizira ikatha, ndipo mbuzi imodzi imapereka magalamu mazana ochepa chabe pachaka. Ndiye juzi yotchipa kwambiri yolembedwa 100% cashmere pabenchi ya pamsika ikuyenera kukukayikitsani. Zambiri nzosakaniza ndi ubweya wa nkhosa kapena ulusi wa pulasitiki, ndipo ena amazithira mankhwala ofewetsa omwe amachoka pakuchapa koyamba. Kuwotcha kaulusi kumathandiza pang'ono: ubweya umanunkha ngati tsitsi lopserera n'kusiya phulusa lofumbutuka, pulasitiki amasungunuka n'kuuma ngati kamkanda. Koma moto sungakuuzeni ngati ubweyawo ndi wa mbuzi kapena wa nkhosa. Nchifukwa chake masitolo a mafakitale ali bwino. Kampani ya cashmere ya Gobi, yomwe inayamba mu 1981 ngati fakitale ya boma, ili ndi sitolo pafupi ndi fakitale yake m'dera la Khan-Uul ndi ena pakati pa mzinda. Mitengo ndi yokhazikika, mumalandira lisiti, ndipo mumayesa momasuka. Kokani juzi pang'ono n'kuisiya: yolukidwa bwino imabwerera m'malo mwake, yolukidwa motayana imatsala yotambasuka. Ubweya wa yak (ng'ombe yaubweya wautali) ndi wa ngamila ndi wokhakhala pang'ono, wotsika mtengo, ndipo sokosi zake zimapirira kuposa za cashmere. Mukapita nazo kudziko lotentha, zichapeni pamanja m'madzi ozizira, ziyanikeni chogoneka, n'kuzisunga zoyera m'chikwama chotseka, poti njenjete zimakonda ubweya wa thukuta.

State Department Store, yomwe eni ake amati Ikh Delguur, ili pa Peace Avenue ndipo zikumbutso zili m'nsanjika zapamwamba. Mitengo ndi yokwera kuposa ya Narantuul, koma ndi malo abwino oyambira kuti mudziwe mtengo weniweni wa masilipasi a esgii, zipewa ndi mabotolo a fodya wamphuno otchedwa khöörög. Morin khuur, zeze wa nsambo ziwiri wokhala ndi mutu wa kavalo, amene ali m'masitolo a zikumbutso nthawi zambiri ndi wokongoletsera khoma chabe. Wofuna kuimba apite kwa osema zoimbira, ndipo akumbukire kuti thabwa louma m'mpweya wa ku Mongolia limatupa likafika kwachinyezi.

Pa zakudya, msika wa Mercury uli pafupi ndi pakati pa mzinda. Lawani aaruul, chambiko chouma cholimba ngati mwala chomwe amachisungunula pang'onopang'ono mkamwa, ndi madzi a chatsargana, tizipatso tachikasu towawasa.

Zinthu zamakedzana zisiyeni pabenchi. Zambiri nzatsopano zodetsedwa dala, ndipo zenizenizo sizituluka m'dzikolo popanda chilolezo cha boma. Mafupa a dinosaur, zinyama zamakedzana zomwe zinatha kalekale, ndi oletsedwa kotheratu: chigoba cha dinosaur wotchedwa Tarbosaurus chimene chinagulitsidwa pa okushoni ku New York mu 2012 chinalandidwa n'kubwezedwa ku Mongolia mu 2013. Chilichonse chooneka chakale chimene mwagula m'sitolo, sungani lisiti yake pafupi mpaka mutadutsa pa kasitomu ya pabwalo la ndege la Chinggis Khaan.