Ku Two Oceans Aquarium musadumphe tishaki tamanyazi

Amene muli ku Cape Town kapena mukubwera kudzacheza, Two Oceans Aquarium, malo oonetsera zamoyo za m'nyanja pa V&A Waterfront, ndi malo oti mukafikeko ndithu, anatsegula mu 1995 ndipo mpaka pano akusamala bwino. Anthu ambiri akangolowa amathamangira ku thanki yaikulu ya ma ragged-tooth, zishaki zamano otuluka panja zija, inde nzoopsa kuziona komanso zili pa chiopsezo chachikulu chotheratu, koma ine chinandigwira mtima ndi tishaki tiwiri tating'ono timene ambiri amangotidutsa, puffadder shyshark ndi dark shyshark.

Ndi pachibale, onse a mtundu wa Haploblepharus, kutalika kwake kawirikawiri sapitirira masentimita 60. Amati ndi amanyazi chifukwa akaopsezedwa amadzipinda ngati nkhata nkuphimba maso ndi mchira, aaa zomvetsa chisoni komanso zokongola. Puffadder ali ndi mawanga a olenji ndi timadontho toyera ngati khungu la mphiri, pomwe dark ndi woderapo, mawanga ake saoneka msanga, mpaka uyang'anitsitse. Onse amaikira mazira m'tizikwama tolimba timene nthawi zina timapezeka pa gombe titaumiratu.

Nkhani ili apa tsono. Dark shyshark amapezeka kuchokera ku Namibia mpaka kuno ku South Africa ndipo a IUCN, bungwe loona za zamoyo zimene zili pa chiopsezo, amati alibe vuto kwenikweni, koma puffadder amapezeka ku South Africa kokha basi, ndipo anamuika pa gulu la Endangered, kutanthauza kuti ali pa chiopsezo chotheratu. Amakodwa m'maukonde okokedwa pansi pa nyanja amene akufuna nsomba zina, ena owedza ndi mbedza amangomupha kuti akuwadyera nyambo, chonsecho sakulumanso munthu ayi. Akatha kuno ndiye kuti watha dziko lonse lapansi, ndipo anthu ambiri sasiyanitsa nkomwe awiriwa ndiye msodzi angadziwe bwanji kuti wagwira uti?

Ndi chifukwa chake malowa ndawakonda, umawaonera pafupi kudzera pa galasi nkuyamba kuwasiyanitsa wekha, ogwira ntchito amayankha mafunso mosatopa. Ana amasangalala kwambiri. Mukapita pakati pa sabata m'mawa mudzakhala ndi mpata woima nthawi yaitali pa tithanki tating'onoto, chifukwa tishakiti timakonda kugona phee pansi pafupi ndi miyala, wothamanga satiwona.