Bokosi lozoloweretsa nsomba: linateteza wrasse yanga kawiri, koma ndewu silinathetse

Ndikulipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Ndadikira miyezi isanu ndi iwiri ndisanalembe, chifukwa ndikanalemba sabata yoyamba ndikanapereka zonse zisanu, ndipo ndikanakunamizani.

Ndi kabokosi ka pulasitiki ya acrylic koonekera mkati ngati galasi, kotalika masentimita pafupifupi 20. M'mbali muli timipata toti madzi azidutsa, pamwamba pali chivindikiro chokhala ndi kabowo kothiramo chakudya, ndipo kumbuyo kuli timphira tinayi tomamatira pagalasi la thanki. Ogulitsa amalitchula kuti acclimation box, ndipo ntchito yake n'kusungiramo nsomba yatsopano m'kati mwa thanki kuti izolowerane ndi zakale zisanakhudzane. Ndinaligula pa shopu ina ya nsomba zoweta kuno ku Durban, mtengo wake wosasiyana kwenikweni ndi wa nsomba imodzi, ndipo mayi a kunyumba ataliona anangoti, "Ndalama zonsezo mwagulira kontena ya zakudya yobowokabowoka?"

Thanki yanga ndi yaing'ono, malita 120, ya madzi amchere. Mchere ndimausunga pa 1.025 pa choyezera mchere, kutentha pa madigiri 25. Munali kale wrasse yaimuna ya mtundu wa McCosker, dzina lake la sayansi Paracheilinus mccoskeri, kansomba ka m'nyanja ya Indian Ocean kosapitirira masentimita asanu ndi atatu. Thupi lake ndi la olenji, lili ndi mizere ya buluu, ndipo pachipsepse chapamsana pali kamunga kamodzi katali ngati mlongoti. Madzulo magetsi a thanki akayamba kuzilala imatambasula zipsepse zonse, mtundu n'kuwala ngati yayatsidwa, n'kuthamanga kuchoka kuno kukafika uko. Kunyanja imachita zimenezi ponyengerera zazikazi, chifukwa kumeneko yaimuna imodzi imakhala ndi gulu la zazikazi. Yanga inkadzionetsera kwa miyala. Ndinaimvera chisoni, ndiye ndinakaigulira mkazi.

Mnyamata wa pashopu ndi amene anandiletsa kungoiponyamo. Anandiuza kuti yakaleyo yatenga thanki yonse ngati pabwalo pake, ndipo chilichonse chofanana nayo maonekedwe ichiona ngati wolanda malo. Mawu ake ndinawamvetsa msanga, poti ndinakulira ku Monkey Bay, ndipo mbuna ndinkaziona zikuthamangitsana pamiyala ndisanadziwe n'komwe kuti azungu amazisunga m'nyumba.

Mlendo ndinamuika m'bokosi Loweruka masana, ndi kachidutswa ka paipi ya PVC koti azibisalamo. Kapaipi aka sikabwera ndi bokosi, koma musakasiye. Mphindi ziwiri sizinathe, yaimuna inali itafika. Zipsepse chilili, inazungulira bokosi, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, kenako n'kuliwomba ndi mlomo. Ndinali chapafupi moti kaphokoso kake ndinakamva, ngati munthu wagogoda tambula ndi chikhadabo. Yaikazi inalowa m'paipi, kunja kunangotsala kamlomo ndi diso limodzi. Tsiku lonselo zinali choncho. Ndikaganiza kuti mikwingwirima yonseyo ikanathera pathupi la kansomba kotopa kale ndi ulendo wa m'pulasitiki, ndimati ndalama yanga inabwerera tsiku lomwelo.

Tsiku lachitatu yaimuna inkabwerabe koma mwaulesi, kuyang'ana n'kupita. Tsiku lachisanu yaikazi inkatuluka n'kumadya mysis, tizilombo tating'ono ta m'madzi todyetsa nsomba, pamaso pa mwini malo, iye ali kalikiliki ndi chakudya chake. Ndinadikira mpaka tsiku lachisanu ndi chiwiri. Usikuwo ndinazidyetsa zonse mpaka kukhuta, ndinasuntha miyala iwiri kuti mapanga akale asokonekere, ndinathimitsa magetsi, kenako ndinapendeketsa bokosi. M'mawa zinathamangitsana pang'ono, ndipo pofika masana zinkasambira mbali imodzi.

Tsopano zolakwika zake, poti zilipo. Timphira tija n'tachabechabe. Usiku wachiwiri tiwiri tam'mwamba tinaleka kugwira, ndipo ndinadzuka bokosi litapendama, chivindikiro chili yasaa, madzi a pampu akuligwedeza. Mwayi wake yaikazi inali idakali m'paipi, itadzikuta m'kathumba ka mamina kamene nsomba za mtundu uwu zimadzipangira pogona. Ndinachotsa timphirato n'kumangirira bokosi ku maginito opukutira ndere pagalasi, ndi timalamba ta pulasitiki tomangira mawaya. Kuyambira pamenepo silinasunthenso. Opanga akanaika maginito kuchokera ku fakitale, nyenyezi yachisanu ndikanaiganizira.

Kabowo ka pachivindikiro nakonso n'kokula. Aliyense wosunga ma wrasse akudziwa kuti nsombazi zimadumpha zikadzidzimuka, ndipo zimapeza mpata umene iwe sunauone. Ndinatsekapo ndi kachidutswa ka neti. Timipata tam'mbali ndi tabwino pa kayendedwe ka madzi, koma chakudya chimathawiranso momwemo, moti ukathira mysis theka limakathera kwa amene ali kunja. Ndinazolowera kuthimitsa pampu kwa mphindi zisanu nthawi yodyetsa. Chinanso, acrylic sachedwa kukandika. Ndere ikamera musapale ndi lezala, nsalu yofewa yokwana.

Miyezi inayi inadutsa mwamtendere. Yaimuna inapeza womuvinira, ndipo madzulo aliwonse mwana wanga ankakoka mpando kudzaonera. Ndiye amene anayamba kuona zachilendo. Anati, "Adadi, yaikazi ija yamera mlongoti." Ndinamutsutsa. Nditayang'anitsitsa, kamunga kanalidi katayamba kutuluka pachipsepse chapamsana, mizere ya buluu ikuoneka kwambiri kuposa kale, ndipo chipsepse chapansi chikufiira m'mphepete.

Ichi n'chinthu chimene ndinkachidziwa mwapatalipatali koma sindinachiike kumtima. Ma wrasse ambiri amayamba ali aakazi, ndipo ena amasanduka aamuna pambuyo pake. Kunyanja yaimuna yolamulira imakhala ikuziopseza zazikazi za m'gulu lake, ndipo zimenezi zimaziletsa kusintha, mpaka iyo itafa kapena kuchoka, pamene yaikazi yaikulu imatenga malo. M'thanki kusinthaku kumachitika kawirikawiri ngakhale yaimuna ilipo, ndipo osunga nsomba ambiri amene ndacheza nawo anakumana nazo. Ndinagula mwamuna ndi mkazi, ndinatsala ndi atambala awiri m'khola limodzi.

Ndewu ya ulendo uno inali ina. Sizinali zongoopsezana. Zinkayang'anizana zipsepse zili tambasu, kenako n'kulumana pakamwa, n'kumazungulira. Yatsopano inang'ambika mchira, inasiya kudya, n'kumakhala pakona pamwamba kuseri kwa paipi ya fyuluta, ikupuma mofulumira, mtundu utafwifwa. Nsomba ikayamba kukhala pakona yam'mwamba choncho, dziwani kuti masiku ake akuwerengeka, mwina ifa ndi njala kapena matenda, mwina muipeza pansi itauma.

Ndinayesa kalilole. Ukamata kagalasi koonera nkhope kunja kwa thanki, yolusa imalimbana ndi chithunzi chake n'kuiwala mnzake. Zinagwira masiku awiri, lachitatu inazindikira kuti mdani wa m'galasi saluma. Ndinasunthanso miyala, osaphula kanthu. Nzeru ya kwathu nayo inandibwerera: osunga mbuna amadzaza thanki dala kuti yolusa isowe woyamba naye, nkhanza zigawikane. Pa mbuna zimathekadi, bola fyuluta ikhale yamphamvu. Koma malita 120 a madzi amchere okhala ndi makorali sangasenze zonyansa za nsomba zambiri, ndipo zazikazi zimene ndikanawonjezera zikanatha kumeranso milongoti. Ndinaileka.

Apa m'pamene bokosi linagwira ntchito yachiwiri, imene sinalembedwe pakatoni. Kugwira wrasse ndi neti m'thanki ya miyala n'kutaya nthawi, imalowa m'phanga iwe usanaviike n'komwe dzanja. Ndinamiza bokosi chammbali, ndinamanga chivindikiro ndi ulusi wa mbedza, ndipo kwa masiku awiri ndinkathira chakudya m'kati mokhamokha. Yakaleyo, poti ndi yadyera komanso yosaopa, ndiyo inayamba kulowa. Madzulo a tsiku lachiwiri ndinakoka ulusi, chitseko phaa. Kameneka kanandisangalatsa kuposa mmene munthu wamkulu ayenera kusangalalira.

Inakhala m'ndende masiku khumi. Inkadya bwino, ngakhale masiku oyamba inadzikhula mlomo pa timipata pofuna potulukira. Kunja yovulala ija inatsika pakona tsiku lomwelo, mchira unayamba kumera, ndipo pofika sabata inali ikuvina madzulo thanki yonse ili yake. Inayambanso kupita pabokosi kukatambasulira mkaidi zipsepse. Nditaona zimenezo mtima unandiuza kale mmene zithere, komabe ndinatsegula. Ola silinakwane. Kusiyana kwake kunali koti tsopano wothamangitsidwa anali mwini malo wakale.

Choncho amene mukufuna kugula, funsani kaye kuti vuto lanu ndi liti. Ngati mukulowetsa nsomba yatsopano kwa ina yokhazikika, makamaka ya mtundu wina kapena yosiyana nayo maonekedwe, gulani, ndipo musafulumire kutsegula, sabata yathunthu si yambiri. Ngati muli ndi yovulala yofunika kupuma ndi kudya payokha, ndi lothandizanso. Koma amuna awiri a mtundu umodzi m'thanki yosakwana mita imodzi m'litali, bokosi limangosinthanitsa womenya ndi womenyedwa. Wothawa alibe kothawira koti mnzake asamuone, ndipo acrylic sangawonjezere malo. Kwa amene muli ndi sixline, wrasse ija ya mizere isanu ndi umodzi, Pseudocheilinus hexataenia, imene imapezeka ngakhale m'gombe lathu lino la KwaZulu-Natal, musayese n'komwe. Imeneyo mbiri yake ya nkhanza imaposa ya McCosker kutalitali.

Yakaleyo ndinaigwiranso ndi njira yomweyo, ulendo uno zinanditengera masiku anayi chifukwa inali itachenjera. Ndinaipereka kwa mnzanga wa ku Pinetown amene thanki yake ndi yaikulu kanayi kuposa yanga ndipo alibe wrasse ina ya mtundu umenewu. Ndinamubwereka ndi bokosi lomwe, pamodzi ndi maginito anga, poti iye ali ndi nsomba yolusa ya mtundu wa tang imene simvera za alendo. Anabweza patatha milungu iwiri litakandika pena pachivindikiro, ndipo panopa mayi a kunyumba akusungiramo mapaketi a zoyezera madzi.