Mark X ya 2013 patatha chaka ndi miyezi 4: zimene ndaona pakati pa Tete, Moatize ndi kwathu ku Angónia

Ndinagula Toyota Mark X ya 2013, ya injini ya 2.5, kwa munthu wina wa konkuno ku Tete amene anaiitanitsa ku Japan kudzera pa doko la Beira. Iye anayenda nayo chaka chimodzi, ine ndakhala nayo chaka ndi miyezi 4, ndipo ndawonjezerapo makilomita oposa 26,000. Ndimakhala ku Chingodzi mu mzinda wa Tete, ntchito ndimagwira ku Moatize, kwathu ndi ku Angónia, chakufupi ndi Domwe. Ndatchula malo atatuwa dala, chifukwa galimoto iyi ukaifunsa ngati ndi yabwino, yankho limatengera msewu umene uli pansi pake. Anthu ambiri amandiimitsa pa bomba pothira mafuta n'kundifunsa ngati angagule yotere, ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi.

Chimene chinandikoka poyamba ndi maonekedwe, sindibisa. Ya 2013 ndi ya m'gulu lachiwiri la Mark X, limene linayamba mu 2009, ndipo mu 2012 anaisintha nkhope: nyale zakuthwa, bampala lokhala pansi, chilembo cha X pamphuno. Yanga ndi yoyera, inabwera ndi marimu a 18. Ikaima pamthunzi yatsukidwa, munthu sanganene kuti yadutsa zaka 10. Toyota inasiya kupanga Mark X mu 2019, choncho iliyonse imene muiona pamsika lero ndi yoti inagwirapo kale ntchito, ndipo nkhani yonse yagona pa mmene mwiniwake wakale ankaisamalira.

Tsiku logula ndinapita ndi makaniko wanga, bambo wachikulire amene wakhala akukonza galimoto za ku Japan kwa zaka zambiri. Ine maso anali pa penti ndi pa mipando. Iwo sanayang'aneko n'komwe. Anati tifike m'mawa injini isanalizidwe, anaika dzanja pa boneti kuti atsimikize kuti ndi yozizira, kenako anauza mwiniwake kuti ailize iwo ataima kumbuyo n'kumayang'ana utsi. Atatero anagona pansi ndi tochi. Anandiitana: “Achimwene, tabwerani muone apa.” Chipulasitiki chotchinga kunsi kwa injini chinali chong'ambika, chomangidwa ndi waya, ndipo paipi ya utsi inali yophwanyika pang'ono pakati. Anandiuza kuti galimotoyi yakhala ikukhula mimba pansi, ndipo ndikagula ndidziwiretu kuti inenso ndizikhula. Pa pampu ya madzi anapezapo tizipsera tofiirira tamadzi ouma, chizindikiro choti yayamba kudontha. Zinthu ziwirizi zinatithandiza kutsitsa mtengo kufika pa 620,000 meticais.

Makilomita amene ankaoneka pa dashibodi sitinangowakhulupirira. Tinapempha pepala la ku Japan lotulutsira galimoto kunja, limene limalemba makilomita amene galimoto inali nawo pamene inkayezedwa komweko, ndipo manambala anagwirizana. Tinayerekezanso nambala ya chasisi ndi imene ili pa livrete, pepala lofotokoza za galimoto, ndi pa título de propriedade, pepala la umwini. Ngati wogulitsa akuzengereza kukuonetsani mapepala amenewa, kapena dzina lili pa título si lake ndipo mwini dzinalo sakupezeka, musapereke ndalama ngakhale atatsitsa chotani. Mnzanga wina wa kuntchito anagula mwa njira imeneyo, mpaka lero galimoto ikuyendabe m'dzina la munthu amene sanamuonepo.

Pa phula galimoto iyi sindinaipezebe mnzake pa mtengo umenewu. Injini yake ndi V6, dzina lake 4GR-FSE, ya mphamvu ya akavalo 203, giya ndi yosintha yokha ya masitepe 6, ndipo imakankha ndi matayala akumbuyo. Amene amayenda msewu wa N7 kuchokera ku Moatize kulowera ku Zobue akudziwa mmene mathiraki opita ku Malawi amandandalikirana pa zitunda zija. Kale ndili ndi kagalimoto ka injini ya 1.3, kupitirira thiraki kunali kodikira malo aatali owongoka, mtima uli m'mwamba. Ndi Mark X, ndikaona kuti kutsogolo kuli bwino, ndimaponda pang'ono, giya imatsika yokha, ndipo ndisanawerenge kufika pa 6 ndabwerera kale mbali yanga. Kwa ine chimenechi n'chitetezo, chifukwa nthawi imene umakhala mbali ya anzako imachepa. Pokhota imagwira pansi, sipendama ngati galimoto zazitali. M'kati muli zii, moti amayi amagona tisanafike pa Mussacama.

AC yake ndiyenera kuiyamikira payokha. Amene sanakhaleko ku Tete mu Okutobala ndi Novembala sangamvetse. Kutentha kumadutsa madigiri 40, chiwongolero chimawotcha manja ukaisiya padzuwa, ndipo ukakhala pa mzere wowoloka mlatho wa Samora Machel madzulo, mphepo ya ku Zambezi imabwera ngati yochokera mu uvuni. Galimotoyi imaziziritsa m'kati pa mphindi zochepa, ndipo singano ya kutentha kwa injini sinasunthepo pakati ngakhale nditaima nthawi yaitali AC ikulira. Pampu ya madzi ija ndinasinthiratu sabata yoyamba, ndipo ndikulangiza aliyense wa kuno kuti asaseweretse mbali imeneyi. Fumbi la malasha la ku Moatize nalo limatseka sefa ya mpweya msanga; ine ndimaipemerera sabata ziwiri zilizonse, ya AC ndasintha kawiri.

Zamakono zimene zilimo ndi zabwino koma zili ndi pokhumudwitsa pake. Kiyi sutulutsa m'thumba, umangogwira chitseko chimatseguka, n'kudina batani injini yalira. Kamera yobwerera m'mbuyo imathandiza kwambiri chifukwa galimotoyi ndi yaitali kuposa mamita 4.7 ndipo galasi lakumbuyo ndi laling'ono. Koma sikirini inabwera yolankhula Chijapani chokhachokha, mapu ake ndi a ku Japan, ndipo wailesi yake imathera pa 90, kutanthauza kuti mawailesi ambiri a kuno sagwira. Ndinapirira miyezi itatu, kenako ndinachotsa n'kuikamo ina yolumikiza ndi foni. Amene anandiikira anadula waya wa kamera molakwika, ndinabwererako kawiri asanakonze. Mukafuna kusintha, pezani munthu amene anagwirapo Mark X, osati aliyense wodziwa kulumikiza masipika.

Mafuta imamwa, ndipo pamenepa pasakhale kunamizana. Ndakhala ndikulemba m'kabuku nthawi iliyonse ndikathira. M'tauni, ndi AC komanso mizere ya pa mlatho, ndimapeza makilomita 7 kapena 8 pa lita. Pa ulendo wautali, ndikamayenda mofatsa, ndimafika 12. Thanki yake ndi ya malita 71, ndiye kupita ku Ulongwe, umene ndi mtunda woposa makilomita 200, n'kubwerako, thanki imodzi imakwana n'kutsalako. Koma kuidzaza kumapweteka m'thumba. Injini imeneyi imapopera petulo mwachindunji mu silinda, ndipo mtundu umenewu sugwirizana ndi mafuta akuda. Petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu ndinathirapo kamodzi kokha, nditapanikizika, ndipo masiku atatu otsatira injini inkanjenjemera ikaima. Kuyambira pamenepo ndimadzaziratu pa bomba ndisanachoke mu mzinda. Oyilo imalowa malita oposa 6, mapulagi ndi 6, choncho sevisi yake si ya mtengo wa Corolla kapena Vitz. Ubwino wake ilibe lamba wa tayimingi, ili ndi tcheni. Masipeya wamba monga masefa ndi mabuleki amapezeka mu Tete momwemuno chifukwa Mark X zachuluka. Zikuluzikulu ndimaitanitsa ku Beira, ndipo mashoka akutsogolo anandigulira mlamu wanga ku Lilongwe n'kudzera nawo pa chipata cha malire cha Calomue.

Tsopano za kumudzi, zimene ndi chifukwa chenicheni chimene ndalembera ndemangayi. Galimotoyi mimba yake ili pafupifupi masentimita 15 kuchokera pansi, ndiye mukakweramo anthu anayi ndi katundu m'buti imatsikanso. M'chilimwe ndimafika nayo kwathu, koma moyenda ngati ndanyamula mazira, kudutsa mitumbira mopingasa, ndipo nthawi zina mkazi wanga ndi ana amatsika kuti ndiwoloke kakhwawa kena kamene kali pafupi ndi mudzi.

Mu Januwale chaka chino amayi anadwala. Mchemwali wanga anaimba foni usiku, ndipo ndinanyamuka m'bandakucha. Pa phula ndinayenda bwino mpaka ku Ulongwe. Nditasiya phula kulowera kwathu, mvula inali itagwa usiku wonse, ndipo dothi lofiira la ku Angónia likanyowa limaterera ngati therere. Pa kachitunda kena, patatsala makilomita atatu kuti ndifike, kumbuyo kwa galimoto kunayamba kuvina, kanyale ka pa dashibodi kakuphethira, matayala akuzungulira pamodzimodzi. Ndinayesa kubwerera kuti ndiyambirenso, tayala lakumanzere linalowa mu ngalande, mimba n'kukhala pansi. Anyamata anayi amene ankapita kudimba anayesa kukankha, matope anawathira thupi lonse, osasuntha. Anafika bambo wina wa ngolo, anayang'ana pansi n'kunena kuti, “Mwanawe, iyi yakhalira mimba, kukankha n'kutaya mphamvu. Dikira ndimasule ng'ombezi.” Tinakumba kunsi ndi makasu, tinamanga chingwe pa chitsulo chokokera chakutsogolo, ng'ombe ziwiri n'kuitulutsa. Panatha maola awiri. Amayi anawanyamula pa ngolo yomweyo, atawafunditsa bulangete ndi pulasitiki, kudzandipeza ine pamene galimoto inaima. Atakhala pampando anandigwira dzanja n'kuti, “Wafika, mwana wanga, basi.” Anagonekedwa masiku anayi ku chipatala ku Ulongwe ndipo anachira. Koma maola awiri amene aja sachoka m'mutu mwanga, chifukwa akanakhala matenda othamangitsa, sindikudziwa kuti ndikanalemba zotani lero.

Sindikuiimba mlandu galimotoyo. Anaipangira misewu ya ku Japan, ndipo makaniko anandichenjeza tsiku loyamba lomwe. Koma amene akufuna kugula adziwe kuti kukankha ndi matayala akumbuyo, kumene kumaikometsa pa phula, ndi komwenso kumaigonjetsa m'matope, makamaka buti ikakhala yopanda kanthu. Panopa nyengo ya dzinja ikafika ndimaisiya pa Ulongwe kwa msuweni wanga, n'kukwera njinga yamoto kapena kupempha malo pa pikapu za ogula mbatatesi.

Marimu a 18 aja nawonso ndinawachotsa. Matayala ake, a 235/45, ndi opyapyala m'mbali, ndipo dzenje limodzi pakati pa Mussacama ndi Ulongwe linanditupitsira tayala ndi kupinda rimu nthawi imodzi. Tayala lapadera limene linabwera ndi galimotoyi ndi kaja kowonda koyendera pang'ono, ndipo saizi ya 18 sindinaipeze ku Ulongwe konse, ndinachita kudikira kuti itumizidwe kuchokera ku Tete pa chapa, minibasi yonyamula anthu. Ndinagulitsa onse anayi n'kuika a 16, a 215/60, amene ndi saizi inanso ya Mark X yochokera ku fakitale. Kukongola kunachepako, ana anga anadandaula, koma galimoto inafewa, matayala ndi otsika mtengo, ndipo amapezeka paliponse. Ndinagulanso rimu lachisanu kuti tayala lapadera likhale lenileni.

Kumbuyo anthu awiri akuluakulu amakhala momasuka, koma wachitatu wapakati amavutika chifukwa pansi pali chitunda chimene shafiti imadutsamo, ndipo denga ndi lotsikirako kwa munthu wamtali. Buti ndi yaikulu, matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50 ndi zikwama zimalowa, ngakhale ndikatero ndimadziwa kuti lomba iliyonse ya m'tauni, mtumbira wochepetsa liwiro uja, ndiimva. Buleki yoimikira ndi yoponda ndi phazi lamanzere, ndipo mkazi wanga anatenga sabata kuti aizolowere.

Pa nyenyezi 5 ndikuipatsa 4. M'chaka ndi miyezi 4 sinandizimirepo panjira chifukwa cha injini kapena giya, ndipo zimene ndasintha ndi pampu ya madzi, mashoka akutsogolo, batire, mabuleki ndi matayala. Kwa munthu amene moyo wake uli pakati pa Tete, Moatize, Chimoio ndi Beira, kapena amene amapita ku Blantyre kudzera pa Zobue, ndipo mafuta sakumuopsa, ndinganene kuti gulani, bola mupite ndi makaniko wanu m'mawa injini ili yozizira. Kwa amene makolo ake ali ku Tsangano, ku Furancungo kapena m'midzi ya kuseri kwa Domwe ngati ine, ndipo galimoto imeneyi ndi imene idzakhale yokhayo pakhomo, ndalama yomweyo ikhoza kukupezerani ina yokwera mimba, ngakhale ikhale yakaleko ndi yosaoneka bwino. Ine Mark X sindigulitsa chaka chino, koma ndayamba kusunga ndalama ya pikapu yakale yoti izikhala kumudzi, mchemwali wanga aphunzire kuyendetsa dzinja lisanafike.