Buku la HP-41C ndinalipeza, koma mnyamata wa pa kompyuta uja ayi ndithu

Shopu yosindikiza ndi kufotokopa ija ya kufupi ndi Ginnery Corner, imene imadzaza ndi ana asukulu nthawi ya mayeso, ndikuipatsa nyenyezi zitatu. Ziwiri zapita chifukwa cha mnyamata amene amakhala pa kompyuta.

Ndili ndi kalikuleta ya HP-41C imene malume ankagwiritsa ntchito poyeza malo. Makina amenewa anatuluka mu 1979, amalemba zilembo komanso amasunga mapulogalamu, koma popanda buku lake sungapite nawo patali. Batani la = palibepo. Umalemba nambala, kudina ENTER, kulemba inzake, kenako chizindikiro. Ine ndimafuna kudziwa kagawidwe ka ma register ake 63, timalo tosungiramo manambala ndi mapulogalamu, chifukwa nditaikamo mabatire inangolemba MEMORY LOST, kutanthauza kuti zonse zimene inasunga zafufutika. Ndiye ndinapita nayo ku shopuko kukafuna buku lakelo.

Mnyamatayo ataiona anaseka, amvekere, "Madala, limoti ya TV yanji imeneyi? Foni yanu ilibe kalikuleta?" Anzake kuseka nawo. Ndinapirira. Bukulo analipeza msanga pa intaneti, pamenepo sindimunamizira. Vuto linali inki. Anasindikiza mopyapyala pofuna kuisunga, osandifunsa. M'bukumo batani lachikasu lija, limene umayamba kudina kuti ufike pa ntchito yachiwiri ya batani lililonse, analijambula ngati kabokosi kachikasu. Pa pepala langa kabokosiko kanazimiririka. Ndiye tangoganizani, usiku wonse kutsatira chitsanzo mzere ndi mzere, yankho kumabwera lina. Ndinafika poganiza kuti makina a malume anafa.

Nditabwerera kukadandaula, iye ali maso pa foni, "Ndi mmene ilili PDF yake." Bodza. Ndinamuuza atsegule pa sikirini, tibokosi tonse tikuoneka bwinobwino.

Amene anakonza zinthu ndi mayi eni shopu. Anatenga kalikuletayo m'manja, kuitembenuza, kufunsa za batani la XEQ, loyendetsera mapulogalamu, ndipo anamvetsera mpaka nditamaliza kufotokoza. Kenako anati, "Pepani bambo, zimenezi tibwereza." Masamba a mapulogalamu anawasindikizanso ndi inki yamitundu osandilipiritsa kanthu, PDF ija n'kundiikiranso pa flash. Madzulo omwewo lamulo la SIZE, logawira ma register aja, linatheka, kapulogalamu kanga koyamba n'kuyenda bwinobwino. Mkwiyo unatsikako, sindikana.

Ngati muli ndi kalikuleta ya makolo ngati TI-59 kapena Casio FX-602P ndipo buku lake linadyedwa ndi chiswe, pitani, koma mukafunse mayiwo, ndipo masamba mukaone musanalipire. Kumanga bukulo anamanganso mnyamata yemweyo, moti mabowo a sipailo anadya zilembo zoyambirira za mizere ina.