Loya wolemba mphatso ya nyumba ku Chipata

Ofesi ina ya maloya kufupi ndi msika wa Kapata imasamala kwambiri polemba deed of gift (chikalata choperekera nyumba ngati mphatso), makamaka wopereka akakhala nkhalamba. Ana amawatulutsa kaye. Agogo amafunsidwa ali okha: nyumba yanu ili kuti, mukupatsa ndani, mukudziwa kuti simudzailandanso? Mayankho akasokonekera, zonse zimaima mpaka dokotala awapime ndi kulemba kalata. Apa amachita bwino, chifukwa khoti likhoza kufafaniza mphatso ngati munthu sanamvetse zimene amasaina, ngakhale chala chake chili papepala.

Pofooka m'pamodzi: safotokozeratu za chilolezo cha boma ndi mapepala a bungwe la misonkho la ZRA, ndiye title deed (chikalata cha umwini wa malo) imachedwa kusintha dzina. Za malo a mfumu salemba, amakubwezani kwa amfumu.