Mpando wapamwamba m'boma: bwana wa kampani ya zaukadaulo kapena mkhalakale pantchito za boma?

Ku America ayesa zonse ziwiri. Mu 2013 webusaiti ya inshuwalansi ya zaumoyo, HealthCare.gov, inkangokana kutseguka, mpaka anaitana Mikey Dickerson wa ku Google kudzathandiza kuikonza. Zitayenda, mu 2014 anamupatsa utsogoleri wa US Digital Service, nthambi ya boma yokonza ntchito zake za pa makompyuta. Mu 2025 kunabwera Elon Musk ndi DOGE, gulu lomwe linakhazikitsidwa kuti lichepetse ndalama zomwe boma limagwiritsa ntchito, koma pofika kumapeto kwa Meyi anali atatsanzika kale.

Mtengo: malipiro a boma kwa bwana wa kampani ndi ndalama ya ndiwo chabe. Chodetsa nkhawa ndi magawo ake m'makampani. SpaceX, kampani ya Musk yopanga maroketi, ili ndi makontirakiti ndi NASA (bungwe la boma loona za mlengalenga) komanso asilikali, ndiye poyang'ana koduladula ndalama za boma, diso lake lingaone bwino pamenepo? Ine ndimakayika. Mkhalakale nthawi zambiri alibe katundu wotere.

Liwiro: wakampani amafuna ntchito ithe sabata ino. Mkhalakale amadikira siginecha zingapo, faelo ili patebulo.

Malamulo: wakampani amadabwa kuti sangachotse munthu ntchito ndi imelo imodzi, ndipo DOGE inakumana ndi milandu yambiri kukhoti. Mkhalakale amadziwa pomwe pali msampha.

Kukhalitsa: wakampani ndi mlendo. Mkhalakale amaona maboma akusinthana iye ali pompo.

Ngati vuto ndi makina omwe afa, monga HealthCare.gov ija, itanani wakampani, mumupatse nthawi yodziwika. Ngati mpandowo ndi woyang'anira makampani omwewo kapena wogawa makontirakiti, upite kwa mkhalakale.