Payi ya nyama ya ku Britain muli ku Johannesburg: yotentha ya m'sitolo kapena ya m'chitini?

Amene anazolowera payi ya nyama ya ng'ombe ndi impso ku Britain akaifuna ku Joni ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kugula yophikaphika m'masitolo monga King Pie, omwe amapezeka m'mamolo ambiri. Yachiwiri ndi ya m'chitini ya Fray Bentos, yomwe imapezeka m'masitolo ogulitsa zakudya zochokera ku Britain.

Pa mtengo, yotentha ndiyo yotsika, chifukwa ya m'chitini imachita kuitanitsidwa kunja. Yotentha mumadya pompo, muli chiimirire. Ya m'chitini imafuna chotsegulira zitini ndi uvuni: mumachotsa chivindikiro chonse, n'kuiika mu uvunimo pafupifupi theka la ola, mpaka pamwamba patafufuma n'kufiirira, msuzi ukubwadamuka m'mbali. Fungo lakelo ine limandifika pamtima! Komatu yotentha siichedwa kuwonongeka, pomwe chitini chimakhala miyezi m'kabati popanda furiji.

Wothamangira kuntchito agule yotentha. Wokhala m'chipinda chopanda uvuni asavutike n'chitini. Koma wofuna msuzi wochuluka woti adyere mbatata yakachewere yopota madzulo a Lamlungu, asunge chitini chimodzi kunyumba.